Mwana wosamva bwino m'kalasi ya ana oposa 100: apite kusukulu ya osamva kapena akhale?

Mphunzitsi wina wa Sitandade 3 pasukulu ya pulayimale ya kumudzi wafunsa motere: "M'kalasi mwanga muli ana oposa 100. Mmodzi mwa iwo ndi mtsikana wa zaka 11 yemwe wabwereza kale kawiri. Ndikamuitana sayankha mpaka anzake amugwedeze, ndipo ena amamutcha gonthi. Zapabolodi amakopera mwaudongo, koma lembetso amalephereratu ndipo kuwerenga kukumuvuta. Amayankhula, ngakhale mawu ena samveka bwino. Khutu lake lamanja limatuluka mafinya nthawi zina. Ahedi akuti malo ake ndi kusukulu ya osamva. Agogo ake omwe akumulera akuti alibe ndalama yoyendera, komanso akuti mwanayu ndi wamwano chabe chifukwa masiku ena amamva. Ine sindinaphunzire za special needs. Ndichite chiyani?"

Aphunzitsi, mwanayu musamuchotse pasukulu panu. Ulendo woyamba umene ayenera kuyenda ndi wa kuchipatala, osati wa kusukulu ya osamva. Za sukulu ya osamvayo ndikamba kutsogoloku, pakuti ahedi anu sanalakwitse zonse, koma si poyambira.

Zimene mwalongosolazi zikundiuza zambiri. Mwana amaphunzira kuyankhula pomva ena akuyankhula. Ngati mtsikanayu amayankhula Chichewa choti munthu n'kumva, ngakhale mawu ena azipotoka, ndiye kuti makutu ake akhala akugwira ntchito, kaya mokwanira ali wamng'ono kenako n'kuchepa, kaya pang'ono chabe kuyambira kale. Kukopera mwaudongo kukusonyeza kuti maso, dzanja ndi chidwi zili bwino. Akugwa pa ntchito zokhazo zodzera m'khutu: lembetso, maliwu a malembo, malangizo a pakamwa. Mwana waulesi sakhala pansi n'kukopera bolodi lonse mosamala, ndipo mwana amene zinthu zimachedwa kumulowa m'mutu sagwa mosankha chonchi. Amene muli nayeyo ndi mwana amene amamva pang'ono, ndipo ana otere ndi ochuluka kwambiri m'sukulu zathu kuposa ana osamveratu. Vuto lawo silioneka ndi maso, n'chifukwa chake amatha zaka akutchedwa mbuli kapena amwano.

Tiyambe ndi mafinyawo. Kuseri kwa nembanemba ya m'khutu kuli kampata kolumikizana ndi kukhosi. Mwana akadwala chimfine, tizilombo timatha kukwera kulowa m'kampatako, mafinya n'kudzaza, nembanemba n'kubooka, mafinyawo n'kuyamba kutuluka. Nthawi zambiri ululu umatha khutu likangobooka, ndiye kunyumba amaona ngati mwana wachira. Koma khutu limene latuluka mafinya kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, kapena limene limasiya n'kuyambiranso, lili ndi matenda okhalitsa ofuna mankhwala. Pamene lili ndi mafinya mawu sadutsa bwino. Likauma mwana amamvako. Apa m'pamene pachokera mawu a agogo aja akuti masiku ena amamva. Akunena zoona. Lolemba amamva, Lachinayi samva, ndipo wamkulu aliyense woona zimenezi amaganiza kuti mwana akuchitira dala. Iye mwini sadziwa n'komwe kuti anzake amamva zambiri kuposa iye, chifukwa alibe poyerekezera.

Pali chinthu china chimene chikundichititsa kufuna kuti aonedwe msanga. Mwana amene khutu limodzi lili bwinobwino amayankha akaitanidwa, makamaka pamalo pachete; chimene chimamuvuta ndi kudziwa kumene mawu akuchokera ndi kumva paphokoso. Wanuyu mpaka agwedezedwe. Ndikukayikira kuti khutu lamanzere nalo lili ndi vuto, kaya ndi litsiro louma lotseka njira, kaya madzi kuseri kwa nembanemba, kaya kuonongeka kwa m'kati kwenikweni. Choncho akapita kuchipatala, wopita nayeyo akanene momveka kuti aone makutu onse awiri. Mulembereni kakalata kachidule konena zimene mwaona m'kalasi, ndipo atenge buku lake lakuchipatala. Afunseni agogo ngati mwanayu anadwalapo malungo aakulu okomola, matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, kapena chikasu chachikulu atangobadwa, komanso ngati anagonekedwapo n'kumabayidwa jakisoni masiku ambiri. Matenda amenewa, pamodzi ndi mankhwala ena amphamvu monga kwinini ndi gentamicin, amatha kuononga m'kati mwa khutu, ndipo kuonongeka kotero sikutha ndi mankhwala odontheza. Mafinya ndi litsiro zimachizika. N'chifukwa chake sitingagamule za sukulu tisanadziwe kuti tikulimbana ndi chiti.

Kuchipatala chaching'ono angathe kupukuta khutu, kupereka mankhwala odontheza ndi kuonetsa agogo kapukutidwe kake. M'zipatala zina za m'maboma muli azachipatala amene anaphunzira za makutu, mphuno ndi kukhosi. Kuyeza kwenikweni kwa mmene munthu akumvera, kwa makina, kumachitika m'malo monga ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, ndipo achipatala cha boma lanu ndiwo angakuuzeni malo apafupi kapena tsiku limene oyezawo adzafike kudera lanu. Pakadali pano m'khutumo musalowe mafuta, madzi a masamba, nthenga kapena mtengo wa machesi, ndipo posamba madzi asalowemo. Mukadzaona kuti kuseri kwa khutu kwatupa ndipo kukupweteka, kapena mwana akutentha thupi, mutu ukumuwawa kwambiri, akuchita chizungulire, kapena nkhope yapotokera mbali imodzi, tsiku lomwelo apite kuchipatala. Matenda a khutu amatha kufalikira ku ubongo.

Inuyo mungayeseko nokha mwachidule, osati kuti mulowe m'malo mwa dokotala koma kuti mudziwe pomukhazika. Pa nthawi ya buleki, muli awiriwiri kapena ndi mphunzitsi mnzanu, imani kumbuyo kwake pa mtunda wa mkono umodzi kuti asaone milomo yanu. Atseke khutu limodzi ndi chala. Tchulani mawu amene amawadziwa, monga mbuzi, sopo, nsima, fisi, poyamba monong'ona kenako ndi mawu a masiku onse, iye azibwereza. Sinthani khutu. Mudzadziwa khutu lomwe lili bwinoko ndi mtunda umene mawu anu amamufika. Musachite zimenezi pamaso pa kalasi.

Tsopano m'kalasi, pamene pali mphamvu zanu zenizeni. Adani a mwana wosamva bwino ndi atatu: mtunda, phokoso ndi kusaona nkhope ya woyankhula. Pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu ya mawu imatsika ndi ma decibel 6 (decibel ndi muyezo wa kukula kwa mawu), ndiye amene wakhala mamita 8 kuchokera pamene mwaima akulandira mawu ofooka kwambiri poyerekeza ndi amene ali pa mita imodzi. Onjezanipo ana 100 akusuntha, kalasi yoyandikana ikuyimba, mvula ikugunda malata. Mwana womva bwino amadzaza yekha mipata ya mawu amene amuphonya. Uyu akumva ngati wailesi yomwe ikudukaduka: mawu awiri amveka, atatu asowa, ndipo pamene akuyesa kulumikiza inu mwapita kale pa chiganizo china.

Mukhazikeni kutsogolo, koma osati pansi pa chibwano chanu. Ngati ana amakhala pansi, amene ali mzere woyamba amaona mawondo anu, osati pakamwa. Mzere wachiwiri kapena wachitatu, chakumbali, ndi pabwino. Khutu lamanzere likapezeka kuti ndilo labwinoko, akhale kudzanja lamanja ana akayang'ana kubolodi, kuti khutu labwinolo liloze kwa inu ndi kwa anzake. Akhale kutali ndi khomo ndi zenera la kumene kumachokera phokoso. Inuyo musamaime pakhomo kapena pazenera pamene kuwala kuli kumbuyo kwanu, chifukwa nkhope yanu imada ndipo milomo sioneka. Mukaphunzitsira pansi pa mtengo, dzuwa likhale kumbuyo kwa ana.

Chizolowezi chovuta kwambiri kusiya, ndipo aphunzitsi tonse tili nacho, ndicho kuyankhula uku tikulemba pabolodi. Kwa mwanayu, mukatembenuka ndiye kuti mwasiya kuyankhula. Lembani, tembenukani, kenako fotokozani. Musakuwe. Kukuwa kumakweza a, e, i, o, u, zomwe iye amazimva kale, koma s, f, th ndi kh zimakhalabe zobisika, ndiponso milomo ya munthu wokuwa siwerengeka. Yankhulani momveka, mosathamanga, osakokomeza. Akapanda kumva, bwerezani kamodzi. Akapandabe, nenani chinthu chomwecho ndi mawu ena. Mwana wina akayankha funso ali kumbuyo, mulozeni ndi dzanja kenako bwerezani yankho lake, apo ayi mtsikanayu azingomva mafunso anu popanda mayankho ake. Mutu wa phunziro, tsamba la buku ndi ntchito ya kunyumba zilembedwe pabolodi nthawi zonse. Mukafuna kuti akuyang'aneni, gwirizanani chizindikiro, monga kukweza dzanja kapena kuti woyandikana naye amukhudze paphewa mofatsa.

Chenjerani ndi mayankho a pamodzi. Mukafunsa kuti "Mwamva?" kalasi yonse n'kuti "Eee!", iye nayenso amatsegula pakamwa pamodzi ndi anzake. Ana otere amachenjera kwambiri pobisala: amaona anzawo akutsegula mabuku iwo n'kutsegula, anzawo akuimirira iwo n'kuimirira, mochedwa pang'ono chabe. Njira yodziwira ngati wamva ndi kumupempha kuti achite chinthu: aloze mawu, aonetse tsamba, alembe yankho m'kope n'kulikweza. Mukatero ndi kalasi yonse, osati iye yekha, sachita manyazi, ndipo mudzadabwa kuona ena angati amene ankangotsatira gulu.

Pa kuwerenga mpamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri. Njira imene tikuphunzitsira kuwerenga m'makalasi oyambirira, makamaka chiyambire National Reading Programme mu 2016, imadalira kumva maliwu, kuwalumikiza kukhala maphatikizo, kenako mawu. Ndi njira yabwino kwa mwana amene akumva. Kwa amene kwa iye sa ndi fa zikumveka chimodzimodzi, pa ndi pha chimodzimodzi, maziko onse amakhala ogwedera, ndipo kubwereza kalasi kumangomupatsa maliwu omwewo pa mtunda womwewo. Chofunika ndi kuti maliwuwo awaone ndi kuwakhudza. Pa f mano akumwamba amakhudza mlomo wam'munsi, pa s sakhudza. Muonetseni pakamwa panu, ndipo ngati pali kagalasi adzionere yekha. Pa kusiyana kwa pa ndi pha, ta ndi tha, ka ndi kha, gwirani kapepala kopyapyala patsogolo pa milomo: pa pha kamauluka, pa pa sikagwedezeka kwenikweni. Pa s ndi z, kapena f ndi v, aike zala pakhosi pake: pa z ndi v pamanjenjemera. Zimenezi ana onse amazikonda, ndipo sizifuna ndalama. Pangani makadi a makatoni okhala ndi mawu ndi chithunzi, kuti mawu olembedwa azilumikizana ndi chinthu osadzera m'khutu mokha. Pa lembetso imani pafupi, muyang'aneni, tchulani mawuwo m'chiganizo, ndipo pena kwezani chinthucho kapena chithunzi chake. Simukumuonetsera mayeso; mukuyesa ngati amatha kulemba, osati ngati amatha kumva.

Mukapeza mphindi 10 m'mawa kapena poweruka, khalani naye pamodzi ndi ana ena atatu kapena anayi amene kuwerenga kukuwavuta, muwaonetseretu mawu atsopano a phunziro la mawa. Mwana wosamva bwino amagwira mosavuta mawu amene akuwayembekezera kuposa amene akumva koyamba. Ndikudziwa kuti mphindi 10 m'kalasi ya ana oposa 100 si chinthu chapafupi, pamene boma lenilenilo limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Koma pa zonse zimene ndatchula, ichi ndicho chimabweza zambiri. Chitaninso changu chifukwa cha Chingerezi. M'Chichewa iye amatha kudzaza mipata poti chiyankhulocho amachidziwa. M'makalasi akumtunda, kumene maphunziro ambiri ali m'Chingerezi, sadzakhala ndi podzazira ngati sanagwire kuwerenga.

Mupatseni mnzake wokhala naye pafupi, womuonetsa tsamba ndi kumubwerezera malangizo. Akhale awiri kapena atatu osinthana, amene iye mwini wawasankha, ndipo muwauze kuti ntchito yawo si kumulembera. Dziwaninso kuti kumvetsera movutikira kumatopetsa. Pofika phunziro lomaliza angaoneke ngati akusinza kapena akungoyang'ana panja. Si ulesi.

Za kubwereza kachitatu, ine ndikuti ayi. Ali ndi zaka 11 pakati pa ana a zaka 8. Posachedwa atha msinkhu, ndipo mtsikana wamkulu wokhala pakati pa tiana, wosekedwa, amasiya sukulu mosavuta. Muyeseni m'njira zimene khutu silikumutchinga: masamu olembedwa, kuloza, kujambula, kufananitsa mawu ndi zithunzi, mafunso a pakamwa muli pafupi pamalo pachete. Zimene mupezezo mupite nazo kwa ahedi pokambirana zoti apite Sitandade 4 ndi thandizo.

Dzina limene anzake akumutchalo lithe m'kalasi mwanu, ndipo lithe chifukwa inu mwalankhulapo poyera. Mufunseni kaye iye ngati akulola kuti mufotokozere kalasi. Kenako auzeni ana kuti khutu limadwala monga diso kapena dzino, auzeni atseke makutu onse inu muyankhule motsitsa, aone okha mmene zimakhalira. Ngati khutu likununkha chifukwa cha mafinya, thandizani kuti azilipukuta asanalowe m'kalasi, poti fungo ndilo limachititsa ana kuthawa kukhala naye. Ndipo pasukulu ponse pamveke kuti mbama ya pakhutu imaboola nembanemba. Ana ena anasiya kumva bwino chifukwa cha dzanja la munthu wamkulu. Mtsikana amene samva bwino ndiponso amavutika kufotokoza zinthu amakhala pa chiopsezo chachikulu cha nkhanza, choncho pakhale mphunzitsi wamayi kapena mayi wa mother group amene iye amamasuka naye. Nambala ya 116 ndi yaulere yofotokozerapo nkhanza zochitikira ana.

Agogo musawaitanitse ngati olakwa. Pitani kwawo, kapena apempheni kudzera mwa amayi a mother group, ndipo muyambe ndi kuwaonetsa kope la mdzukulu wawo. Mwina kwa zaka zonsezi palibe wakusukulu amene anawauzapo chabwino chilichonse cha mwanayu. Afunseni zimene iwo aona: kodi amamva akamuitana ali kuseri kwa nyumba? Kodi masiku amene samva ndi omwe khutu likutuluka? Akalumikiza okha zinthu ziwirizi, nkhani ya mwano imatha popanda mkangano. Akatchula zoti mwina analodzedwa, musalimbane nawo. Apempheni chabe kuti khutu lionedwe ndi achipatala ndipo musalowe kanthu. Kunyumba azimuyandikira ndi kumuyang'ana poyankhula, osamukuwira ali kutali. Za ndalama yoyendera, itengereni nkhaniyi ku komiti ya sukulu ndi mother group, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo adziwe. Ulendo woyamba ndi wa kuchipatala chapafupi chabe.

Tibwere kwa ahedi. Malamulo ali kumbali ya mwanayu. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 24 la panganolo limati ana aulumali asatsekeredwe kunja kwa maphunziro a onse. Lamulo la Disability Act la 2012 linaletsa kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi Persons with Disabilities Act. Unduna wa Zamaphunziro unatulutsanso ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya zaka za 2017 mpaka 2021. Sukulu ilibe mphamvu youza mwana kuti malo ake si pano n'kumusiya pakhomo. Ndipo tinene zoona: mawu akuti "apite kusukulu ya osamva", akanenedwa kwa gogo wopanda ndalama ya minibasi, mathero ake amakhala akuti mwana wakhala kunyumba. Sukulu zimenezi n'zowerengeka: Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay, ndi ya ku Karonga. N'zogonera komweko, malo ndi ochepa, ndipo malowo akufunika kwambiri kwa ana amene samva konse.

Komabe sindikufuna muchoke pano ndi maganizo akuti sukulu zapaderazo n'zachikale kapena kuti mwana aliyense ayenera kukhala m'kalasi wamba zivute zitani. Ganizo lakuti ana onse aziphunzira limodzi linamveka kwambiri pa msonkhano wa ku Salamanca m'dziko la Spain mu 1994, kumene kunali maboma 92, chaka chomwe kuno tinayamba maphunziro aulere a pulayimale ndipo ana m'sukulu anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chikalata chomwecho cha ku Salamanca chinanena mosabisa kuti ana osamva, chifukwa cha nkhani ya chiyankhulo, angaphunzire bwino m'sukulu zawozawo kapena m'makalasi apadera a m'sukulu wamba. Ambiri amene amatchula Salamanca ndime imeneyi amaidumpha. Mwana wosamveratu amafuna chiyankhulo chamanja, chomwe ndi chiyankhulo chathunthu chokhala ndi malamulo akeake, osati kulozaloza. Ana osamva ambiri amabadwa kwa makolo akumva, ndiye chiyankhulocho amakachipeza kwa ana anzawo osamva ndi akuluakulu osamva. Kumukhazika mwana wotere zaka 8 m'kalasi momwe palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuyankhula naye, iye n'kumangokopera malembo osadziwa tanthauzo lake, n'kumulakwira, ngakhale dzina lake likhale m'rejisitala ndipo lipoti lipite kuboma kuti sukulu yathu imalandira onse. Zimenezi zikuchitika m'sukulu zambiri ndipo zimandipweteka mtima.

Ndiye muyezo wake ndi uwu. Makutu akachizidwa ndi kuyezedwa, n'kupezeka kuti amamva mawu mukakhala pafupi, ndipo zimene mwasintha m'kalasi zikuyamba kuonetsa zipatso pakatha teremu imodzi kapena awiri, malo ake ndi pomwepo, pafupi ndi agogo ake ndi anzake. Koma zikapezeka kuti makutu onse awiri anaonongeka kwambiri m'kati, kapena kumva kukucheperachepera, moti satha kutsatira zoyankhula ngakhale muli naye maso ndi maso, pamenepo nkhani ya chiyankhulo chamanja ndi sukulu ya osamva ikambidwe mozama, pamodzi ndi agogo ndi iye mwini, ndipo sukulu yanu ithandize kupeza malo, osamuchotsa m'kaundula malowo asanapezeke. Kwa mwana amene mwamulongosolayu, ndikuyembekeza kuti njira yoyambayo ndiyo ikhale yake.

Simuyenera kusenza nokha. Uzani a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale za m'zoni mwanu, ndipo kudzera mwa iwo ofesi ya maphunziro ya boma lanu, kumene kumakhala woyang'anira za ana ofuna thandizo lapadera. Funsani ngati m'zoni mwanu muli resource centre (chipinda chothandiziramo ana ofuna thandizo lapadera) kapena mphunzitsi woyendayenda wa special needs. Ambiri mwa aphunzitsi amenewa anaphunzira ku Montfort Special Needs Education College ku Nguludi, kumene amasula aphunzitsi a ana osamva, osaona ndi ovutika kuphunzira. Ndi ochepa poyerekeza ndi sukulu zimene ayenera kuzifikira, ena amayenda panjinga zoni yonse, choncho musadikire kuti afike kaye musanayambe. Koma akabwera ngakhale kamodzi pa teremu, akuonetsani zinthu zimene kalata singathe. Bungwe la anthu osamva la MANAD ndilo khomo la chiyankhulo chamanja cha kuno kwathu, ndipo PODCAM imasonkhanitsa makolo a ana aulumali, kumene agogo angakumane ndi anzawo olera ana otere.

Achipatala akanena kuti avale makina othandiza kumva, landirani, koma dziwani mmene amagwirira ntchito. Amakweza mawu onse, anu ndi phokoso lomwe, ndiye kukhala kutsogolo ndi kuyang'anana kumafunikabe. Amafuna mabatire, amaopa madzi ndi chinyezi, ndipo kachidutswa kolowa m'khutu kamayenera kusinthidwa mwana akamakula. Savalidwa m'khutu lomwe likutuluka mafinya. Ana ambiri amawabisa m'thumba poopa kusekedwa, kapena amavala makina oti batire linatha kalekale. M'mawa uliwonse muziona ngati wavala ndiponso ngati makinawo akulira mukawafumbata m'dzanja, chizindikiro choti akugwira ntchito.

Mukadzayamba kuyang'ana ndi diso limeneli mudzapeza kuti si yekha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. M'kalasi ngati yanuyo mwina muli wina amene amafinya maso poyang'ana bolodi, wina wa khunyu, wina amene malembo amamusokonekera ngakhale amamva ndi kuona bwino. Kulemba malangizo, kuyang'ana ana poyankhula ndi kuyesa kumvetsa kwawo pochita zinthu kudzathandiza onsewa.

Chotsiriza ndi kulemba. Onetsetsani kuti mwanayu walembedwa m'mafomu a kalembera wa sukulu ngati wophunzira amene ali ndi vuto la kumva, chifukwa zipangizo ndi aphunzitsi zimagawidwa potsata ziwerengero zimenezo, ndipo akadzafika Sitandade 8 a MANEB amakonza thandizo lapadera pa mayeso, monga nthawi yoonjezera, kwa okhawo amene sukulu inawanena polembetsa. Tsegulaninso tsamba limodzi m'kope lanu la iye yekha. Lembanipo khutu lomwe lili bwinoko, malo amene amakhala, zimene achipatala ananena ndi tsiku lobwererako, maliwu amene akumusokoneza, zolinga ziwiri kapena zitatu za teremu ino, monga kuwerenga maphatikizo a s ndi f kapena kuyankha funso limodzi patsiku, ndi zimene mwaona kuti zikuthandiza. Muzilionanso kumapeto kwa mwezi uliwonse pamodzi ndi agogo. Chaka chikatha, tsamba limenelo mukalipereke pamanja kwa mphunzitsi wa Sitandade 4 sukulu isanatsegulidwe, ndipo mukhale naye pansi mumufotokozere, kuti tsiku loyamba asadzamukhazike kumbuyo chifukwa choti ndi wamtali.